Dziko lidawerenga za ChatGPT, nanga za machona a ku Kadoma ndi Chegutu adzalemba ndani?

Mwezi wa Disembala ukafika, bungwe la Wikimedia Foundation, lomwe limayang'anira insaikulopediya ya pa intaneti ya Wikipedia, limatulutsa mndandanda wa nkhani zimene anthu adawerenga kwambiri m'chakacho pa Wikipedia ya Chingerezi. Nyuzipepala ndi nyumba zoulutsira mawu m'mayiko ambiri zimaudikira mndandandawu mwachidwi, chifukwa umasonyeza zimene anthu adafuna kudziwa mwa iwo okha, popanda wowatuma.

M'chaka cha 2023, nkhani imene idatsogola inali ya ChatGPT, pulogalamu ya kompyuta yomwe imayankha mafunso ngati munthu. Idatsegulidwa maulendo oposa 49 miliyoni. Yachiwiri inali ya anthu otchuka omwe adamwalira m'chakacho, maulendo oposa 42 miliyoni. Pambuyo pake padabwera mpikisano wa dziko lonse wa masewero a cricket womwe udachitikira ku India, ligi ya masewero omwewa ya Indian Premier League, ndi kanema wa Oppenheimer. Mu 2024 nkhani ya omwalira ndiyo idakhala pamwamba, motsatidwa ndi ya Kamala Harris ndi ya chisankho cha pulezidenti ku America. Mu 2025 idatsogola nkhani ya Charlie Kirk, wandale wa ku America yemwe adawomberedwa mu Sepitembala, ndipo pakati pa zisanu zoyamba padalinso Donald Trump ndi Papa Leo XIV.

Chaka chilichonse maliro sasowa pa mndandandawu. Koma tsamba la omwalira limalandira maina a anthu okhawo amene moyo wawo udalembedwa mokwanira kuti akhale ndi nkhani yawoyawo pa Wikipedia. Kumapeto kwa Sepitembala 2023, mgodi wa golide wa Bay Horse, m'boma la Chegutu ku Zimbabwe, udagumuka amuna oposa 30 ali pansi. Ena adapulumuka, ena adatuluka ali mitembo, abale awo atadikira masiku angapo pakamwa pa mgodi. Mu Febuluwale 2019, madzi a mvula adadzaza migodi ya ku Battlefields, kufupi ndi Kadoma, ndipo mitembo yoposa 20 idavuulidwa. Amuna amenewa sali m'gulu la anthu amene tsamba lowerengedwa maulendo mamiliyoni lija limawakumbukira. Maina awo amasungidwa ndi amasiye awo.

Apa ndi pamene mndandanda wa nkhani zotchuka umakhudzira anthu olankhula Chichewa. Umaonetsa amene amawerenga, umaonetsanso amene amalembedwa, ndipo anthu a m'makomboni a ku Kadoma ndi Chegutu ali kutali pa mbali zonse ziwiri.

Mndandanda wa amene ali ndi intaneti

Wikipedia idayamba pa 15 Januwale 2001, oyambitsa ake ndi Jimmy Wales ndi Larry Sanger. Imalembedwa ndi anthu ongodzipereka, salandira malipiro, ndipo ikupezeka m'zilankhulo zoposa 300. Ya Chingerezi yokha idafika pa nkhani 7 miliyoni mu 2025. Munthu akatsegula tsamba, makina amawerengera ulendo umodzi. Pokonza mndandanda wa pachaka, akatswiri amachotsa masamba amene zikuoneka kuti adatsegulidwa ndi makina osati anthu.

Kotero mndandandawu ndi kalembera wa anthu amene ali ndi foni, magetsi, ndalama za intaneti komanso Chingerezi. Owerenga ambiri a Wikipedia ya Chingerezi ali ku America, ku Britain ndi ku India, ndipo n'chifukwa chake zisankho za ku America ndi masewero a ku India zimadzaza pamwamba. Dziko la Zimbabwe nalo limakonda cricket, moti mu Juni ndi Julayi 2023 mipikisano yodzigulira malo m'chikho cha dziko lonse idachitikira ku Harare ndi ku Bulawayo. Komabe amene adakweza nkhani ya chikhocho pa nambala yachitatu ndi khamu la owerenga a ku India.

Ku Rimuka, malo akale okhala anthu ambiri mu mzinda wa Kadoma, kapena ku Pfupajena m'tauni ya Chegutu, mafoni alipo ndithu. Vuto ndi mtengo. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha chifukwa ndiyo yotsika mtengo, ndipo bandulo yotere silola munthu kutsegula masamba ena. Ndondomeko ya Wikipedia Zero, yomwe m'mayiko ena inkalola anthu kuwerenga Wikipedia pa foni kwaulere, idayamba mu 2012 ndi kutha mu 2018. Pamwamba pa izi pali kuthimathima kwa magetsi. Wophunzira amene ali ndi bandulo yochepa amayamba wafunsa za mayeso ndi za ntchito, za mbiri ya agogo ake zimatsalira m'mbuyo.

Matauni omangidwa ndi thukuta la alendo

Kadoma ndi Chegutu ali m'chigawo cha Mashonaland West, pa msewu waukulu ndi njanji yochokera ku Harare kupita ku Bulawayo, ndipo atalikirana makilomita oposa 30 pang'ono. Kufikira 1982, Kadoma ankatchedwa Gatooma, pomwe Chegutu ankatchedwa Hartley, dzina la mlenje wa njovu Henry Hartley. Onse awiri adakula chifukwa cha golide ndi thonje. Ku Eiffel Flats kuli mgodi wa Cam and Motor, womwe pa nthawi yake unali m'gulu la migodi yotulutsa golide wambiri m'dzikomo. Ku Chakari kuli Dalny, ndipo pafupi pomwepo pali Patchway ndi Golden Valley. Ku Kadoma kudakhazikitsidwa malo ofufuzira za ulimi wa thonje, ndipo mafakitale a nsalu a David Whitehead, dzina lomwe anthu a ku Blantyre amalidziwa bwino, adalemba ntchito anthu zikwizikwi m'matauni awiriwa asanayambe kulowa pansi.

Manja ambiri amene adakumba migodi imeneyi ndi kulima minda yoizungulira adachokera kumpoto: ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete. Msonkho wa nyumba womwe boma la atsamunda lidakhazikitsa udakakamiza amuna kusiya midzi kukafuna ndalama. Ambiri adayenda pansi masabata angapo, kuwoloka Zambezi, kugona m'tchire. Mu 1903 kudakhazikitsidwa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, ndipo mgwirizano wake wankhanza anthu adautcha chibalo. M'zaka zotsatira kudabwera magalimoto a Ulere ndi bungwe lomwe lidadziwika ndi dzina loti Mthandizi. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufika 1963, ulendowu udapepuka ndipo mabanja athunthu adasamuka.

Amene sadabwerere, kumudzi adawatcha machona. Eni nthaka adawatcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre. M'makomboni a migodi ndi a minda, anthuwa adamanga moyo wawo. Adayambitsa mabungwe a maliro kuti munthu wakutali ndi kwawo aikidwe mwaulemu. Adamanga matchalitchi, ndipo mpingo wa CCAP uli ndi Sinodi ya Harare. Ayao adamanga mizikiti. Adabwera ndi Gule Wamkulu, amene Ashona amamutcha zvigure, komanso beni ndi magule ena. Oimba a sungura monga Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria, omwe makolo awo adachokera ku Malawi, adalowetsa Chichewa m'nyimbo zomwe dziko lonse la Zimbabwe lidavina. Katswiri wa mpira Benjani Mwaruwari, yemwe adasewera ku Portsmouth ndi Manchester City, nayenso ndi mwana wa makolo a ku Malawi.

Kusalembedwa kuli ndi mtengo wake

Wina anganene kuti kusapezeka pa tsamba la intaneti si nkhani yodetsa nkhawa kwa munthu amene akusowa ufa. Koma mabanja amenewa adaona kale zimene zimachitika munthu akasowa pa pepala.

Mu 2001 dziko la Zimbabwe lidasintha lamulo la unzika. Aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo ake adauzidwa kuti akane unzika umenewo motsata malamulo a dziko linalo, m'miyezi yowerengeka. Anthu ambiri obadwira ku Dalny kapena ku Eiffel Flats, omwe sadapondeko ku Dedza kapena ku Mangochi, adapezeka kuti ndi alendo m'dziko lomwe adabadwira. Zitupa zawo zidali ndi chilembo cha A, ndipo ambiri adalephera kuvota. Izi zidachitika pomwe kulanda minda ya azungu, komwe kudayamba mu 2000, kudasiya antchito ambiri a m'minda opanda ntchito ndi pokhala. Mu 2005 chikonzero cha Murambatsvina chidagwetsa nyumba m'matauni, anthu nauzidwa kuti abwerere kumudzi, pomwe adzukulu a machona adalibe mudzi wobwererako. Andale ena adawanyoza kuti ndi anthu opanda mfunda, chonsecho ndi a Banda, a Phiri ndi a Mwale.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonza zina. Ndime 43 idapereka unzika kwa munthu wobadwira m'Zimbabwe amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, malinga ngati ankakhala m'dzikomo. Ndime 6 idavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa ndicho choyamba pa mndandandawo. Ngakhale zili choncho, lipoti la Amnesty International la mu 2021 lidasonyeza kuti mavuto a zitupa sadathe, ndipo lidatchula chiwerengero cha bungwe la UNHCR choti anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe anali pa chiopsezo chokhala opanda dziko. Kholo lopanda chitupa limalephera kutengera mwana chikalata cha kubadwa, mwanayo navutika kulemba mayeso ndi kupeza ntchito.

Ngakhale pa nkhani ya chikhalidwe, mpata ulipo. Bungwe la UNESCO lidalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Zimbabwe, komwe gule wavinidwa m'migodi ndi m'minda kwa zaka pafupifupi 100, sidatchulidwe. Kumeneko gule amatchuka kwambiri m'nyuzipepala pakachitika ndewu kapena mlandu. Anthu akapanda kudzilembera mbiri, ena amawalembera, ndipo amasankha zimene zawakomera iwowo.

Nkhokwe ya Chichewa ikadali yopanda chimanga

Wikipedia ya Chichewa ilipo, ndipo aliyense angathe kulembamo. Koma ili ndi nkhani zongopitirira 1,000 pang'ono, zambiri mwa izo zazifupi, za mizere yowerengeka. Ya Chishona ili ndi zoposa 10,000, ya Chiswahili zoposa 80,000. Chonsecho Chichewa chimalankhulidwa ndi anthu oposa 10 miliyoni ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Chili ndi malamulo a kalembedwe, chili ndi mtanthauziramawu wakewake womwe a Centre for Language Studies ku Zomba adatulutsa mu 2000, chimaphunzitsidwa m'sukulu, ndipo ku Zimbabwe chimamveka pa wailesi ya National FM. Chosowa ndi anthu olemba.

Kuchepa kwa nkhani za ku Africa si vuto la Chichewa chokha. Kafukufuku wa Mark Graham wa ku Oxford Internet Institute adasonyeza kale mu 2009 kuti nkhani zonena za Antarctica zinali zochuluka kuposa za pafupifupi dziko lililonse la mu Africa. Atsogoleri a Wikipedia adavomereza vutoli, ndipo msonkhano wawo waukulu wa pachaka, Wikimania, udachitikira ku Cape Town mu 2018 ndi ku Nairobi mu 2025.

Chopinga chachikulu chili m'malamulo a Wikipedia momwemo. Chilichonse cholembedwa chiyenera kukhala ndi gwero lodalirika lomwe lidasindikizidwa kale, monga buku, nyuzipepala kapena lipoti. Munthu saloledwa kulemba zimene adamva kwa agogo ake, ngakhale zitakhala zoona. Lamuloli lili ndi chifukwa chomveka, pakuti limatchinga mabodza ndi mphekesera. Koma limapweteka anthu amene mbiri yawo ili m'kamwa. Mu 2011 Achal Prabhala adayesa, ku India ndi ku South Africa, njira yojambula mawu a akuluakulu kuti akhale umboni wa nkhani za pa Wikipedia. Ntchitoyo, yotchedwa People are Knowledge, idautsa mkangano waukulu, ndipo Wikipedia ya Chingerezi sidasinthe lamulo lake.

Komabe magwero a mbiri ya machona alipo. Charles van Onselen adalemba buku la Chibaro mu 1976, lofotokoza moyo wa m'migodi ya Southern Rhodesia kuyambira 1900 kufika 1933. Anusa Daimon adalemba kafukufuku wa digiri ya udokotala wonena za mabhurandaya mu 2015. Zoë Groves adatulutsa buku lotsata mapazi a machona mu 2020. Nyumba zosungira zakale ku Harare ndi ku Zomba zili ndi makalata a boma a nthawi imeneyo. Zonsezi zili m'Chingerezi, zambiri zili m'malaibulale a mayunivesite, kutali ndi anthu amene zikuwakamba. Ntchito ya wolemba Wikipedia ya Chichewa ndi yomweyo: kuwerenga mabuku amenewa, kufotokoza zili m'menemo m'mawu akeake, kutchula gwero, ndi kubweza mbiriyo kwa eni ake m'chilankhulo chawo.

Makina amadya zimene apatsidwa

Nkhani imene idatsogola mu 2023 ikufotokoza chifukwa chake ntchitoyi ikufunika msanga. Mapulogalamu monga ChatGPT amaphunzira kuchokera ku zolembedwa zochuluka za pa intaneti, ndipo Wikipedia ndi chimodzi mwa zakudya zawo zazikulu. Chilankhulo chimene chili ndi zolembedwa zochepa, makina amachilankhula mopunduka. Mbiri imene sidalembedwe, makina saidziwa, ndipo nthawi zina amangopeka yankho lomveka bwino koma labodza. Mu Okutobala 2025 a Wikimedia Foundation adanena kuti maulendo a anthu owerenga Wikipedia adatsika ndi 8 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi miyezi yomweyo mu 2024, chifukwa anthu ambiri amalandira mayankho kuchokera ku makina ndi masamba a mchezo osafika ku gwero. Mwana wa ku Chakari amene adzafunse foni yake za Gule Wamkulu adzalandira zimene makinawo adapeza, kaya n'zoona kaya n'zachipongwe.

Pali msampha wina. Poona kuti nkhani za Chichewa n'zochepa, munthu angaganize zongotenga nkhani za Chingerezi, kuzimasulira ndi makina, ndi kuzikhuthulira m'nkhokwe. Zimenezi zidawononga kale zilankhulo zina. Mu 2020 zidaululika kuti nkhani zikwizikwi za Wikipedia ya chilankhulo cha Scots zidalembedwa ndi mnyamata wa ku America amene sankachidziwa chilankhulocho. Mu 2025 padagwa chigamulo chotseka Wikipedia ya chilankhulo cha ku Greenland chifukwa idadzaza ndi zomasulira za makina zopanda tanthauzo. Makina akaphunzira pa zolakwika zotere amabereka zolakwika zina. Kuthamanga sikufika. Nkhani 50 zolembedwa bwino ndi eni chilankhulo zimaposa nkhani 5,000 za chisawawa.

Poyambira pake

Ntchitoyi sifuna ofesi kapena galimoto. Kulembetsa dzina pa Wikipedia n'kwaulere, ndipo munthu angathe kulemba ndi foni ya m'manja. Aphunzitsi, akuluampingo, mashehe, atolankhani ndi ophunzira a m'makoleji amene amadziwa Chichewa angayambe ndi nkhani zochepa zokhala ndi magwero olimba: tauni ya Kadoma, tauni ya Chegutu, mgodi wa Cam and Motor, chibalo, Mthandizi, ndime 43 ya malamulo aakulu ndi tanthauzo lake kwa munthu wofuna chitupa. Nkhani yomalizayi yokha ingathandize banja limene lakhala likubwezedwa ku ofesi ya kalembera chifukwa chosadziwa ufulu wake.

Zimene sizingalowe m'nkhani chifukwa cha lamulo la magwero zili ndi khomo lina. Nkhokwe ya Wikimedia Commons imalandira zithunzi, mawu ojambulidwa ndi makanema, ndipo mpikisano wa zithunzi wa Wiki Loves Africa wakhala ukuchitika kuyambira 2014. Chithunzi cha komboni yakale isanagwetsedwe, cha tchalitchi chomangidwa ndi antchito a mu mgodi, kapena cha manda a m'mphepete mwa munda, ndi umboni umene sudzapezekanso mawa. Mabuku a mabungwe a maliro ndi a ubatizo amasunga maina a midzi ndi mafumu komwe anthu adachokera. Mtolankhani kapena wofufuza akafunsa akuluakulu ndi kusindikiza zimene amva, zolembazo zimasanduka gwero lomwe Wikipedia ingalandire.

Pamenepa pafunika ulemu. Gule ali ndi zapabwalo ndi zakudambwe, ndipo zakudambwe si za pa intaneti. Wojambula ayenera kupempha chilolezo kwa eni gule ndi kuwafotokozera kuti chithunzi chikalowa m'nkhokwe imeneyi, aliyense padziko lapansi angathe kuchigwiritsa ntchito. Chimodzimodzinso maina ndi zitupa za anthu amoyo si zoika poyera.

Kwa sukulu zopanda intaneti yodalirika, pulogalamu yaulere ya Kiwix imalola kusunga Wikipedia yathunthu pa kompyuta kapena pa foni ndi kuiwerenga popanda bandulo. Olemba a ku Lilongwe, Chipata ndi Tete angathandize anzawo a ku Zimbabwe pa kalembedwe, pakuti ambiri kumeneko adaphunzira kulemba Chishona ndi Chingerezi, Chichewa adangochiyamwa pakhomo. Nawo a ku Kadoma ali ndi chawo chopereka: Chichewa chawo, chomwe chidakhala zaka zambiri pamodzi ndi Chishona ndi Chilapalapa cha m'migodi, chili ndi mawu amene a ku Malawi sadawamvepo. Mutu umodzi susenza denga.

Mndandanda wa Disembala wamawa udzadzazanso ndi andale a ku America, akatswiri a masewero a ku India ndi anthu a m'makanema, ndipo palibe akuyembekeza kuti Eiffel Flats idzapikisana nawo. Muyeso wa anthu a ku Kadoma ndi Chegutu ndi wina: ngati wophunzira wa ku Rimuka, atalemba dzina la mgodi umene agogo ake adagwirako ntchito, angapeze m'Chichewa amene adaukumba, komwe adachokera ndi malipiro amene ankalandira. Anyamata amene adawoloka Zambezi m'masiku a chitaganya tsopano ali ndi zaka zoposa 80, ndipo chaka chilichonse mabungwe a maliro omwe iwo adayambitsa akuwaperekeza kumanda mmodzimmodzi.